Manachesi amene ndinkasungira mawa

Abusa, akulu a mpingo, amayi anzanga ndi abale nonse, mtendere wa Ambuye ukhale nanu. Ndikufuna kuchitira umboni. Koma ndiyambe ndapepesa kwa amene mwatchera khutu kuti mumve zoti bambo a kunyumba kwanga ayenda. Sanayende. Ali pakhomo apo, tabwera nawo pa njinga kuchokera kwa Kanduku. Mwendo ndi womwe uja, dzanja ndi lomwe lija. Wofuna umboni wa ndodo zotayidwa adikire tsiku lina.

Zaka ziwiri zapitazo anagwa kumunda, mbali yakumanja n'kufa. Pakamwa panapotoka, mawu n'kumatuluka amodziamodzi. Kuchipatala anatithandiza, n'kutiuza kuti zotsalazo n'zapang'onopang'ono.

Kuseri kwa nyumba yathu kuli mitengo ya manachesi. Umodzi anadzala okha chaka chimene tinakwatirana, ndipo ndi wotsekemera kuposa yonse. Inu a kuno ku Mwanza mukudziwa mmene timachitira: abwino timasankhira dengu la kumsewu, eni akefe n'kumatola ogwa. Ine pamwamba pa chizolowezi chimenecho ndinaonjezera uchitsiru wangawanga. Ndinagwada pansi pa mtengowo n'kulumbira kuti palibe adzathyolepo, kaya wogula kaya mdzukulu, kufikira tsiku limene mwamuna wanga adzaimirire n'kuthyola chipatso choyamba ndi dzanja lake. Ndinkati ndi chikhulupiriro. Chikhulupiriro chanji, abale, chomuikira Mulungu tsiku ngati telala?

Kuyambira pamenepo m'nyumba mwanga munalowa mlendo wachabechabe, dzina lake Mawa. Mawa ndi kamberembere. Salima, satunga madzi, koma amadya patsogolo. Ukati useke, amati dikira adzachire. Ukati uimbe, amati nthawi yake sinakwane. Ine, munthu wamkulu ndi imvi zanga, ndinamuyalira mphasa. Kwaya ndinasiya. Wailesi ndinaitsekera m'sutikesi. Adzukulu akaseka pabwalo ndinkawapitikitsa ngati nkhuku pa mphale.

Obwera kudzazonda nawonso, ena muli muno, sinditchula maina, ankalowa ndi nkhope za pasiwa, kupukusa mitu, n'kuyamba kutchula anthu amene anamwalira ndi matenda omwewa, wodwala akumva. Anzake a Yobu aja bola, anayamba akhala chete masiku asanu ndi awiri.

Mtengo uja sunamve za lumbiro langa. Unabereka mpaka ndinachirikiza nthambi ndi mphanda. Zipatso zinapsa, zinagwa, zinaola. Chaka chachiwiri chimodzimodzi. Ine amene ndimaphunzitsa ana za mana a m'chipululu, aja ankachita mphutsi munthu akawasungira mawa, ndinkasesa mana anga owola m'mawa uliwonse osazindikira kanthu. Ndipo bambo aja, powakhazika padzuwa nyengo yozizira ino, ndinkawakhazika pansi pa mtengo womwewo. Tsiku lonse kumangoyang'ana. Kudya anachepetsa, kenako phala n'kumalitembenukira nkhope. Ine ndinkati matenda akukula.

Lachitatu lapitalo ndikuchokera kumjigo, ndinapeza pampando palibe munthu. Anali atadzigwetsa pansi, n'kukwawa ndi chigongono mpaka pa chipatso china chogwa, chofewa, ntchentche zili ng'waa. Ankachisenda ndi mano. Ndinatula ndowa n'kuwalanda.

“Bambo, ichi n'chowola. Mukufuna mutsegule m'mimba?”

Anandiyang'ana nthawi yaitali, pakamwa pakuvutika kusonkhanitsa mawu. Kenako anati, “Amayi, abwinowo mukusungira obwera pamaliro anga?”

Abale, ndamva maulaliki ambiri m'kachisi muno, abusa musakhumudwe, koma umenewo unandilasa kuposa onse. Ndinaona chimene ndinachita. Munthu ali moyo, akupuma, akumva kununkhira kwa mtengo wake, ine ndinali nditamuika kale m'manda podikira wina woyenda ndi miyendo iwiri. Ambuye anatiphunzitsa kupempha chakudya chalero, ine ndinkachikankha n'kumalirira cha chaka chamawa.

Ndinagwada pomwepo n'kulapa lumbiro langa lopusa. Kenako ndinakoka nthambi ya pamwamba, ija ya zipatso zimene timati n'za mabwana a m'magalimoto, ndinaitsitsa mpaka pafumbi pamene anali. Anathyola okha ndi dzanja lamanzere. Posenda, madzi ake anandithovokera m'diso, ine n'kuyamba kuvina ndi ululu. Bambo aja anaseka. Kuseka kokhota, kwa mbali imodzi, malovu akutsika, koma kunali kuseka kwawo komwe ndinakusowa zaka ziwiri. Tinadya asanu titakhala pafumbi. Madzulo anapempha phala.

Tili pomwepo anatulukira alamu anga, achemwali awo a bambowa, atanyamula nkhope yawo ija. Anaima, manja m'chiuno.

“Alamu, mukuseka chiyani pakhomo pa matenda? Anthu ati chiyani?”

Ndinati, “Ati manachesi apsa. Khalani pansi, alamu, mudye.”

Anakana. Koma akuchoka ndinaona manachesi awiri atamangidwa kunsonga ya chitenje chawo.

Tsono ndikuuzeni za Mawa uja. Ndamupindira mphasa. Ndi wabodza, ndi mbala, ndi wamantha, sanabwerepo ngakhale kamodzi kudzandithandiza kutembenuza wodwala. Amene amabwera tsiku ndi tsiku ndi Yehova, ndipo amabwera lero. Sindinasiye kupempherera mwendo uja, musandimve molakwa. Akauchiritsa ndidzaimanso pompano. Akapanda kutero, ndaimirira kale. Zovuta zilipo: ndimawasambitsa ndekha, msana wanga ukudandaula, munda walimidwa theka. Koma chimwemwe changa sindichisiyanso pamtengo kuti chidyedwe ndi mphutsi.

Ndikuthokoza Mulungu amene wandipirira. Ndikuthokozanso amayi a chigawo chathu amene munkabwera ndi nkhuni m'malo mwa nkhani za akufa, mukudzidziwa. Panja pali dengu. Si ogwa ayi, ndi a pamwamba, ndipo ena athyola ndi eni ake. Potuluka aliyense atenge, asende pomwepo, wina asaike m'thumba kuti akadya mawa. Amayi a kwaya, malo anga aja ndawafuna. Imirirani mukondwere nane, ndipo muimbe mokweza kuti bambo ali pakhomowo amve. Amen.