Theche la a Manijala

Kuseri kwa saluni ya akazi awo, a Manijala anali ndi ntchito imodzi: kumenya theche makina oziziritsa mpweya akakana kudzuka. Udindowo anadzipatsa okha, dzinalonso. Tsiku lina anapeza mlamu wawo, wokonza mafiriji, atagwada pamenepo, kachitini kakuda kali m'manja.

Mlamuyo anati kompuresa, injini ya makinawo, yakalamba. Imang'ung'udza, magetsi n'kuphethira, iyo osanyamuka. Kachitiniko ndi kapasita. Kamasunga mphamvu, n'kuikankha kamodzi poyambira. Basi.

"Ndiye kazichita zomwe ndimachita ine?"

"Ayi alamu. Aka kamagwiradi ntchito."

A Manijala anakumbutsa kuti phazi lawo silinalepherepo. Amamenya, n'kudikira pang'ono, makina n'kulira. Mlamu anayankha, nkhope ili gwa, kuti kompuresa ikalephera imatentha n'kudzizimitsa, ikazizira imayesanso yokha. Kaya pali theche kaya palibe.

"Nanga chala chotupachi?" anatero a Manijala, akuvula nsapato.

Mlamu anachiyang'anitsitsa. "Chatupadi. Koma makinawa sakudziwapo kanthu."

A Manijala anasuzumira pawindo. Akazi awo anali kuluka kasitomala, thukuta lili kamukamu. Pakona panali mulu wa matawulo ndi tsache. Mayiwo anali atanena kale: makina akachira, bambo ayamba kusesa tsitsi ndi kuchapa.

A Manijala anatsitsa mawu. Anafunsa ngati kachitiniko sikangaikidwe mwakuti kazidikira kaye theche.

Mlamu anakatembenuza uku ndi uku. "Poika phazi palibe. Pali mawaya awiri."

"Aaa, inunso. Ingowauzani achemwali anuwo kuti zikufunika zonse, kachitini ndi phazi."

"Chabwino. Ndiwauza kuti mwati nditero."

"Musatchule ine!"

"Ndiye ndinene kuti wati ndani? Tilipo awiri."

A Manijala analoza kumwamba, analoza pansi. Mlamu anazimitsa magetsi, n'kulumikiza mawaya, n'kuyatsa. Makina anadzuka kamodzi n'kamodzi, opanda ndi dandaulo lomwe. A Manijala anamenyabe theche, mochedwa, kuti mbiri isafe. Kenako anakhala pa ndowa, atagwira chala.

"Zaka zonsezi ndimakhala ngati injiniya," anadziseka. "Kodi kachitini ka anthu kulibe, alamu? Nanenso kudzuka kumandivuta."

"Mumang'ung'udza m'mawa?"

"Kwambiri."

"Mumayesa n'kugonanso?"

"Tsiku lililonse."

Mlamu anatseka bokosi la zida, n'kuyang'ana kumbuyo kwa a Manijala, kukhomo la saluni.

"Inu muli nako kale. Ako kakubwera ndi tsache."