Alendo onse kwa Gresham

Pa siteji ya maminibasi ku Nkhata Bay panali mnyamata amene foni ikalira ankaikhalira. Mayi wina wongotsika kumene anamuyang'anitsitsa.

"Achimwene, mukufungatira mazira?"

"Ndi abwana akuimba, amama. Ndinawapangira webusayiti ya loji yawo ku Chikale. Mlendo akasankha chipinda, nambala ya chipindacho imayenera kuchoka pa adiresi ya tsambalo n'kukafika pogawira zipinda. Ndinaiwala kuuza kompyuta kuti izinyamula nambalayo."

"Ndiye ikugawa chiyani?"

"Ikasowa nambala imapereka chipinda choyambirira. Choyambiriracho ndi changa, kuseri kwa khitchini. Ndinachiikamo poyeserera."

"Alendo onse?"

"Onse. Azungu a pa sitima ya Ilala, kwaya yathunthu, ndi ena ongokwatirana kumene. Mphasa ndi imodzi."

"Dikirani kaye. Ndinu a Gresham?"

"Mwadziwa bwanji?"

"Foni yangayi ikuti lero ndigona 'Kwa Gresham'. Ine ndimayesa ndi chipinda cha mabwana!"

Mnyamatayo anawapatsa kiyi.

"Thamangani, amama, mukagwire mphasa kwaya isanafike. Chitseko muzichita kunyamula potsegula. Ine ndikukaona amalume ku Mzuzu."

Anaponya foni m'chikwama ikulirabe, n'kutseka zipi.