Wophunzira Amene Anavala Ukalamba

Ndinamuchenjeza mwana uja, wophunzira udokotala, ali pakhomo penipeni pa wodi. Ndinati, "Mwanawe, vula zimenezo. Ukalamba sautsanzira. Ukakuona ukuuyerekeza umabwera wokha kudzakuonetsa mmene amachitira." Iye anangogwedeza thupi lonse, poti khosi linali m'kolala yolimba, n'kukwakwaza mapazi kulunjika pa bedi nambala folo, pamene amuna anga, okonza mawotchi, anagona milungu itatu chigwereni m'bafa.

Anali atamuveka jekete ya matumba a mchenga, matumba ena m'akakolo, zomangira m'mawondo, magolovesi ochindikala, ndi magalasi achikasu okhala ngati apakidwa mafuta. Adokotala aakulu anali atanena m'mawa kuti kubwera munthu kudzayesa kayendedwe ka amuna anga. Akakhoza apita kunyumba lero, akalephera agonanso sabata ina. Ndipo akuluwa mtima wawo unali kunyumba, kumene mpongozi wathu amapukusa mawotchi awo apakhoma chobwerera.

"Mwaswera bwanji, agogo? Ndabwera kudzakuyesani kayendedwe."

Amuna anga anamuyang'ana kuyambira kumapazi. "Mwagonekedwa wodi iti, achimwene?"

"Sindikudwala. Ndine wophunzira udokotala, chaka chachinayi."

"Ngozi ya galimoto?"

"Ayi, ndi maphunziro. Pamakhala ena osankha wekha. Anzanga anasankha za ana, ena za maopaleshoni. Ine ndinasankha za okalamba."

"Mayi, mukumva? Awa anachita kusankha."

"Tsiku loyamba timavala zimenezi kuti timve mmene inu mumamvera."

"Ndiye mukumva bwanji?"

"Mukweze mawu pang'ono. M'makutumu muli thonje."

"Chotsanimo."

"Sizololedwa. Aphunzitsi anati wina asavule kanthu mpaka iwo atabwera folo koloko. Komanso malamba ake ali kumsana."

Anakweza pepala la mayesowo, analiyandikiza pamphuno, analitalikitsa, kenako analiyandikizanso.

"Wodwala akhale pampando. Woyesa akati yambani, aimirire, ayende mpaka pamzere uwo, atembenuke, abwerere, akhale. Akapitirira masekondi khumi ndi awiri, sapita kunyumba."

"Basi?"

"Basi."

Amuna anga anatsika pabedi, anakhala pampando, anaimirira, anakafika pamzere, anabwerera n'kukhalanso. Ine ndinali ndikunena kuti pamenepo angokolopapo kumene, koma andimve ndani.

"Lembani," anatero.

"Sindinanene kuti yambani."

"Koma mwaona."

"Ndaona chinthu chikudutsa. Magalasiwa anawapanga kuti ndizikhala ngati ndili ndi ng'ala."

"Chinthucho ndine."

"Mwina. Koma sichinawerengedwe."

"Nenani tsono yambaniyo."

"Sindinganene. Pepala likuti woyesa ayambe waonetsa chitsanzo. Mundibwerekeko mpandowo."

Ndinamuuza. Ndinati mpando wotsika choncho munthu wa mawondo ouma sabwererako. Iye anaupapasa, anatembenuka pang'onopang'ono ngati lole pamalo opanikizika, n'kungoti khu. Mpando unalira. Anatulutsa kawotchi kowerengera masekondi, koma chala cha m'golovesi chinkakanikiza mabatani onse nthawi imodzi.

"Bweretsani kuno," anatero amuna anga. "Aa, kawotchi kopanda mivi. Anakupatsani akuona?"

"Ndi kasukulu."

"Kakuoneka. Yambani."

Mwana uja anadzigwedeza kutsogolo. Anabwerera. Anadzigwedezanso.

"Faifi."

"Ndikubwera."

"Teni. Musafulumire, achimwene, tonse tinadzera momwemo. Sendezani matako kutsogolo, mapazi alowe pansi pa mpando, mphuno itsogole."

"Pepala silikunena za mphuno."

"Ife opanda pepala timadzukira mphuno. Twente."

"Mundipatse mpata."

"Kunyumba muli ndi wokusamalirani?"

"Ndimakhala kuhositelo."

"Ana anakutayani?"

"Ndilibe ana. Ndili ndi zaka twente-thuu."

"Iii. Zakugwirani msanga. Fote."

Thukuta linali likutuluka pansi pa magalasi. Ndinati amusiye, munthu wolemera chotero akhoza kuwathyola msana, tikagonanso mwezi. Amuna anga anamugwira jekete pachifuwa n'kumukoka ngati thumba la simenti, mwana uja n'kuimirira.

"Wodwala saloledwa kuthandiza woyesa."

"Ndikusiyeni?"

"Ayi, musandisiye. Koma ndilemba kuti simunaloledwe."

Anayenda atagwirana mpaka pamzere, anabwerera, mwana uja n'kudzigwetsanso pampando. Amuna anga anaimitsa wotchi.

"Naintefolo."

"Chabwino," anatero akupuma movutika. "Wotchi ikaima, nambala yake imalembedwa." Anayamba kusakasaka cholembera.

"Mulemba pati?"

"Papepalapa."

"Pepalalo ndi la ndani?"

"Lanu. Lili ndi dzina lanu pamwamba."

"Miyendo inali yanu."

"Palibe malo olembapo mwini miyendo. Pali dzina, tsiku, ndi masekondi."

"Ndiye ine ndigone sabata ina chifukwa inu mwalephera kudzuka?"

"Ndikumvetsa mmene mukumvera, agogo. N'chifukwa chake ndavala zimenezi."

Amuna anga anayang'ana kawotchi kaja. Chala chinagwedera. "Aa. Yafufutika."

"Mwakanikiza chiyani?"

"Ukalamba, achimwene. Manja amanjenjemera. Mudzaona mukafika pa magolovesi enieni."

"Ngati nambala palibe, ndiye kuti chitsanzo sichinachitike. Tibwereze."

Ndinati ayi. Ndinati chinthu chikakukana kamodzi usachikakamize, mchimwene wanga anakakamira kukwera makwerero kachiwiri, lero amadyera pa kapu ya mlomo. Palibe anatembenuka. Cholembera chinagwa pansi, chinagubuduzika mpaka pansi pa bedi nambala faifi. Amuna anga anagwada, anakwawira konko, anachitola, anadzuka osagwira kanthu.

"Zimenezi mwaziona?"

"Ndamva phokoso."

"Ndagwada, ndakwawa, ndadzuka."

"Si mayeso ake amenewo. Kukwawa kuli papepala la ana."

"Khalani pomwepo."

"Sindingapite kulikonse."

Amuna anga anayenda wodi yonse mpaka kumapeto, kumene amasungira zipangizo, n'kubwera atanyamula paphewa chitsulo cha miyendo inayi choyendera odwala. Odwala ena anayamba kudzutsa mitu. Anachiika patsogolo pa mwana uja.

"Gwirani apa."

"Ichi ndi cha odwala."

"Inu ndinu ndani?"

"Woyesa."

"Woyesa, gwirani apa."

Anagwira. Anadzuka, mphuno ili patsogolo.

"Mwaona mphuno?"

"Zangochitika. Sindinaitsogoze dala."

"Yendani. Kwezani phazi, musalikoke. Kodi kusukulu kwanuko amakuphunzitsani chiyani?"

"Mafupa onse ndimawadziwa mayina."

"Aitaneni tsono, abwere adzakuthandizeni."

Anafika pamzere. Apo m'pamene panafunika kutembenuka. Khosi linakana, mawondo anakana, jekete yokha ndi imene inavomera, ndipo inatembenuka isanawauze anzake. Chitsulo chinapita kwake, mwana wa eni anapita kwake, n'kukagwera chagada pa bedi la amuna anga, miyendo ili lende.

"Mwavulala?"

"Sindikudziwa. Sindikudzimva."

"Dzukani ndikuthandizeni."

"Musandigwire. Munthu akagwa muwodi sadzutsidwa mpaka anamwino amuone. Ndi lamulo."

"Anamwino apita kukadya."

"Ndiwadikira."

Amuna anga anamukweza miyendo, umodziumodzi, anamuikira pilo, anamufunditsa bulangete mpaka m'chibwano, n'kukweza chitsulo cha m'mbali mwa bedi. Ine ndinati bedi la wodwala sagonapo munthu wabwinobwino, limazolowera. Mwana uja anati bedi lilibe ubongo.

"Chitsanzo chatha?" anafunsa amuna anga.

"Pepala silikunena kuti chitsanzo chikhale chabwino. Chatha."

"Ndiye tiyeni."

"Dikirani. Wodwala avale nsapato zake za masiku onse."

Amuna anga anazivala. "Nanga jekete?"

"Pepala silikuletsa."

"Chipewa?"

"Silikuletsanso."

"Mayi, longedzani chikwama."

"Chikwama sichikukhudzana ndi mayeso."

"N'chifukwa chake ndauza mayiwa, osati inu."

Anakhala pampando, chipewa kumutu. Anamuikira mwana uja kawotchi pachifuwa, n'kumuyika chala pa batani loyenera.

"Limeneli lokha. Mukalakwitsa, ndikugonekani sabata."

"Mwakonzeka, agogo?"

"Ndinakonzeka Lachiwiri."

"Yambani."

Anaimirira. Anayenda. Anafika pamzere, anaudumpha ngati ngalande, n'kumapitirira.

"Agogo, mzere mwaupitirira. Ndamva nsapato."

"Ndauona."

"Mutembenuke."

"Nditembenuka pageti."

"Mubwerere mudzakhale. Masekondi akutha. Naini. Teni."

Amuna anga anaima pakhomo. "Wotchiyo imaima liti?"

"Wodwala akakhala pansi."

"Ndisanakhale?"

"Siingaimitsidwe."

"Isanaime mungalembe kuti ndalephera?"

"Sindingalembe kanthu wotchi ikuyenda."

"Isiyeni iziyenda. Ndikakhala pampando wanga kunyumba. Ndikuimbirani foni muimitse."

"Koma ipitirira khumi ndi awiri."

"Mudzandiuze ikaima."

"Foni yanga ili m'thumba la kumbuyo, pansi pa jekete."

"Ndiye tili pabwino."

Ndinawatsatira ndi chikwama, ndikuwauza kuti masitepe a pachipatala amaterera, kuti kunja kuli mphepo, kuti wothawa m'chipatala matenda amamulondola mpaka pakhomo. Tili pageti ndinakumbukira kuti ndasiya fulasiki pansi pa bedi. Ndinawauza aime, koma asakhale pansi, poti sindinkadziwa kuti kawotchi kaja kamaona mpaka pati.

Nditalowanso muwodi ndinapeza mayi wosambitsa odwala, wa shifiti ya masana, ataima pa bedi nambala folo ndi beseni la madzi ofunda, sopo ndi thaulo. Anali atakoka kale makatani mbali imodzi. Mwana uja anali chigonere, magalasi achikasu akuyang'ana kudenga, kawotchi kali m'manja onse awiri.

"Sindingasambe, mayi. Wotchi ikuyenda."

"Iziyenda, ife tizisamba."

"Simukundimvetsa. Ine si wodwala. Ndine dokotala, kungoti sindinamalize."

"Eee, bambo," anatero mayiyo akufinya thaulo. "A pa bedi sikisi aja ndi oyendetsa ndege. Kwezani mkono."