Ndolo Zimene Zinandidanitsa ndi Mng'ono Wanga

Omvera anzanga, ine ndine mayi wa ku Golomoti. Amuna anga anandigulira ndolo zasiliva zosula pamanja, zokhala ndi timiyala tobiriwira, ndipo ndinkazivala tsiku lililonse. Tsiku lina zitasowa, ndinamunena mng'ono wanga, amene ankakhala nafe, kuti ndi wakuba, anthu akumva.

Iye analira n'kundifunsa kuti, "Achemwali, ine ndingakubereni inu?" Koma ndinamuthamangitsa pakhomo.

Patapita miyezi ndinazipeza m'thumba la juzi yanga yakale, momwe ndinaziika ndekha. Manyazi anandigwira, ndinkangoti ndikamupepesa mawa. Mwezi wathawu anamwalira pobereka. Wapita akudziwa kuti ndimamuyesa wakuba, ndipo zimenezi zikundidya mumtima.

Anzanga, ngati munalakwira m'bale wanu, pitani lero. Ine ndilibenso womupepesa.