Mnzanga wa M'dzenje

Boma litalamula kuti migodi yonse yosiyidwa ikwiriridwe, dalaivala wa thirakitala anafika pa mgodi wina n'kupeza kalipentala wachikulire atakhala pampando m'mphepete mwa dzenje, manja atapinda. Dalaivalayo anali munthu woti chimene wamva ndi chomwecho basi, za kuganiza kawiri analibe nazo ntchito.

"Madala, tasunthani. Ndabwera kudzakwirira mgodi wosiyidwawu."

"Wosiyidwa ndi ndani? Ine ndausiya?"

"Ndi wanu?"

"M'menemo muli mnzanga."

Dalaivala anazimitsa injini. "Mayo! Anagweramo liti?"

"Sanagweremo. Amakhala momwemo."

"Nanga amadya chiyani?"

"Sadya, sabwereka sowo, satsutsa. Kunyumba ndikati mvula igwa, mayi akunyumba amati siigwa, ana n'kumaseka. Koma uyu, tamverani." Anaweramira m'dzenjemo. "Ndine wanzeru!"

"Wanzeru!" dzenje linabweza mawu.

"Mwamva? Dziko lonseli ndi yekhayu amene amagwirizana nane. Ndiye inu mumuthire dothi?"

Dalaivala anatsika, anavula chipewa, n'kugwada. "Bambo a m'dzenje! Muli bwino?"

"Bwino!"

"Eee, ali bwino! Komatu ndi aulemu."

"Musawazolowere," anatero kalipentala, kansanje katamugwira kale.

"Dikirani ndimve kwa eni ake. Bambo, madalawa akuti ndinu mnzawo. Akunama?"

"Akunama!"

Kalipentala anadzambatuka, mpando n'kugwa chagada. "Iwe! Wati chiyani? Ine wabodza?"

"Wabodza!"

"Zaka zonsezi ndikupsa ndi dzuwa kubwera kuno, lero undichititse manyazi pamaso pa mlendo? Chitsiru!"

"Chitsiru!"

"Aaa, akuluakulu, musatukwanane," anatero dalaivala, atatambasula manja pakati pa munthu ndi dzenje.

"Kani umangovomereza aliyense wodutsa! Ine ndimayesa ndine ndekha." Mtima unamupwetekadi mkuluyo. Kenaka analoza thirakitala. "Achimwene, lizani chinthucho. Kwirirani! Thirani ndi miyala yomwe!"

Dalaivala anavala chipewa, anakwera, n'kuyamba kubwerera chammbuyo.

"Iii, mukupita kuti? Dzenje lili kuno!"

"Madala, boma linandituma kukwirira migodi yosiyidwa, osati munthu wamoyo chifukwa choti mwayambana. Khalani pansi mukambirane!"