Jakisoni Womaliza

Pasiteji ya Kamwendo minibasi inkachedwa kudzaza, ndipo mayi wina anafunsa bambo amene ankasisita mkono.

"Mwabayitsa chiyani, bambo?"

"Katemera wa apaulendo, mayi. Ndikupita kusukulu ku Japan. Akuti udzudzu wakumeneko umapatsa matenda otupitsa ubongo."

"Amuna anganso anapita komweko, koma ananyamuka asanabayitse jakisoni womaliza. Chino n'chaka chachinayi, kalata olo imodzi."

"Pepani."

"Kodi matendawo angamuiwalitse munthu mkazi wake? Ndi adiresi yomwe?"

"Sindikudziwa, mayi. Ndikafunsa adokotala ku Lilongwe."

"Mukafunsedi. Ine ndimagulitsa mtedza pompano tsiku la msika. Akakati inde, mudzandiuze, ndipitirize kudikira."

"Nanga akakati ayi?"

"Mudzangogula mtedza n'kumapita."