Chitsulo cha Ocheka Matabwa Chinandibwezera Mwamuna Wanga

Monire mose, ana a Mulungu, amayi anzanga a mapemphero a Lachinayi, ndi inu nonse amene mawu awa akupezani. Ndine NyaTembo wa kufupi ndi Mzimba Boma, gogo wa zidzukulu zodzaza mkeka. Lero ndikuimba, ee ndikuimba, chifukwa mwamuna wanga a Shaba anasowa m'nkhalango ya Luwawa, ndipo Chiuta anandibwezera ali wamoyo. Satana anali atasita kale malaya a kumaliro tsiku limenelo, mbwenu anawavula ndi manyazi.

A Shaba mutu unayamba kuwathawa zaka zapitazi. Thupi lilipo, miyendo ndi yolimba kuposa ya anyamata, koma maganizo ali kutali. Amadzuka n'kumafunsa amayi awo amene tinaika kalekale. Ukawasiya pakhonde kuti ukatunge madzi, pobwera upeza mpando wokha. Ndiye ine ndine mlonda wawo, diso langa silichoka pa iwo.

Pa Khirisimasi mwana wathu Wongani anabwera kuchokera ku Joni ndi galimoto yonyezimira, atatenga mnzake wina wa mimba yaikulu, wovala magalasi akuda ngakhale kunja kuli mitambo bii. Dzina lake sindinalisunge, silinali losunga. Wongani ati, "Amama, mawa tikupita ku Luwawa tikapume, mukaone nkhalango ndi damu." Ndinaseka mpaka kukhosomola. Kukaona mitengo! Ine amene khosi linafupika ndi kusenza nkhuni, andikweze galimoto kukaona mitengo? Kupuma kwa anthu a m'tauni n'kodabwitsa chomene. Munthu asiya mpando wabwino kunyumba, apita kukakhala pa udzu wonyowa kuti nyerere zimulume, pobwera ati ndasangalala. Koma ndinati mwana wachokera kutali, tiyeni. A Shaba ndinawaveka jekete ndi nsapato zawo za kutchalitchi.

Tinafika. Mapaini mizeremizere mpaka kumene diso lalekeza, damu lili phee, kuzizira kolowa m'mafupa. Anyamata aja anatsitsa mpando wa a Shaba, mbaula, nyama, mabotolo, ndi chiwailesi chachikulu ngati bokosi la maliro. Atachiyatsa, mbalame zonse zinasamuka. Ati tabwera kudzamva bata la m'nkhalango! Bata lake limenelo, mano akugwedezeka m'kamwa.

Ine ndinaona bowa patsinde pa mitengo, ndinati ulendo uno ukhaleko ndi phindu. Ndinati, "Wongani, ndikukazula bowa apa, adada ako usawachotse diso." Wamagalasi uja ndi amene anayankha, "Gogo, pumani inu, madala ali m'manja abwino."

Manja abwino! Pobwera ndi bowa m'chitenje, ndinapeza mpando uli wokha. Nsapato za a Shaba zaikidwa bwinobwino pansi pake, masokosi ali mkati. Manja abwino aja ali pakati pa damu m'bwato, akujambulana ndi foni, atagwira mbedza yopanda ngakhale nyongolotsi. Bowa anangomwazika. Ndinakuwa mpaka mawu anga anaposa chiwailesi.

Nthawi yomweyo nkhungu inatsika, ija ya ku Viphya imene imakubisira ngakhale phazi lako. Bwato litafika kumtunda, Wongani anathamanga m'mphepete mwa madzi akulira, "Adada! Adada!" Koma munthu amene anaiwala kuti anabereka angayankhe bwanji mawu amenewo? Mnzake uja sanasunthe, kuopa matope pa nsapato zake zoyera. Anangoima, foni ataikweza kumwamba ndi manja awiri ngati akupereka nsembe, ati akufuna netiweki. Kenako ati, "Okalamba otere amabwera okha, gogo. Zikavuta tidzauza apolisi mawa. Koma nyamayi ikupserera." Mwamuna wanga ali wopanda nsapato m'nkhalango yozizira, damu lakuya lili pambali, munthu akulira nyama! Ndinamuyang'ana kuyambira kumagalasi mpaka kunsapato, sindinapezepo munthu.

Ndinalowa ndekha m'mapaini. Abale anga, m'menemo mulibe chizindikiro. Mtengo uwu ngati uwo, mzere uwu ngati uwo, kutsogolo ngati kumbuyo. Ndinaitana, a Shaba, a Shaba, mpaka mawu anatha. Mvula inayamba kuwaza. Ndinayamba kuona m'maganizo jekete lawo likuyandama pamadzi, ndinayamba kumva alamu anga akundifunsa kuti m'bale wathu unakamutaya kuti. Ndinagwada pa masamba oterera aja, ndinati: "Chiuta, munthu uyu munandipatsa ndinu ndili mtsikana, ng'ombe zinalowa m'khola la adada anga anthu akuona. Simunanene kuti ndidzamutaya kutchire ngati mbuzi. Ngati nthawi yake yakwana, akafere pamphasa pake ine nditamugwira mutu. Osati kuno, Ambuye, osati chifukwa cha nyama yowotcha."

Podzuka ndinamva fungo la utsi. Ndinalitsata, ndinapeza kanjira ka thirakitala, kanandifikitsa pa misasa ya mapepala apulasitiki, matabwa ataunjikidwa, utuchi uli mbwee. Anali malo a anthu ocheka matabwa. Panali mayi mmodzi yekha, wophikira anthuwo, wolankhula Chichewa cha ku Ntcheu. Ndinamufotokozera misozi ikutsika. Iye ati, "Amayi, khalani pa thabwapa muothe moto, mukunjenjemera. Nthawi ya chakudya yakwana kale. Anyamata akabwera tiwauza, amwazikana kukafuna."

Anatola chibawuti, anapita pa mtengo pamene anapachika limu yakale ya galimoto, chitsulo chija chovekapo tayala, n'kuimenya. Ngwee! Ngwee! Ngwee! Ndi mmene amaitanirana kudzadya kumeneko, poti m'nkhalango mawu a munthu safika patali. Amuna anayamba kutuluka m'nkhungu, uyu apa, uyu apo, utuchi m'tsitsi, macheka paphewa. Anaima pamzere aliyense ndi mbale yake. Ine ndinatsegula pakamwa kuti ndiwapemphe.

Ndiye, aleluya, ndiye! Kumbuyo kwa onse kunatuluka nkhalamba yopanda nsapato, jekete lanyowa chuu, nthambi ya paini ili paphewa ngati nkhwangwa. Inayenda mwaulemu n'kukaima kumapeto kwa mzere. A Shaba! A Shaba anga, amoyo, athunthu, opanda ngakhale bala!

Ine ndinali nditaiwala, koma Chiuta sanaiwale. Ali mnyamata, tisanakwatirane, a Shaba ankagwira ntchito yodzala ndi kudulira mitengo m'nkhalango zomwezi, ndipo ankaitanidwa ku chakudya ndi chitsulo. Fungo la paini linawabweza kumeneko. Anavula nsapato zabwino kuti zisaonongeke, anapita kuntchito. Dzina la mwana anaiwala, mawu anga sanawamve, koma chitsulo anachimva. Atafika pa mayi uja anati, "Mzere wanga ndamaliza. Mbale yanga ili kuti?" Mayi wa ku Ntcheu sanaseke. Anatsuka mbale yake yomwe, anagwada, anati, "Nayi, bambo, mwagwira ntchito." Ine ndinagubuduka mu utuchi, nthungululu mpaka nkhalango inayankha. Amuna ocheka matabwa anaomba m'manja, wina anavula nsapato zake zamphira n'kuwaveka.

Mmodzi wa iwo anathamanga kukaitana Wongani. Mwana wanga anafika atang'ambika buluku, anagwa pa mapazi a bambo ake akulira ngati wakhanda. Ameneyo ndinamukhululukira pomwepo, ndi wanga. Wamagalasi anafika pambuyo akudumpha matope ngati nkhuku yoopa mame, foni ili kale m'manja. Ati, "Ndinanena ine kuti abwera okha! Imani apo, gogo, tijambule, anthu aone." Ndinawafunditsa a Shaba chitenje changa, ndinati, "Bwana, jambulani nsapato zanuzo, ndi zimene mwapulumutsa lero." Ocheka matabwa anaseka mpaka wina anatsamwa nyemba.

Sindikunamizani kuti mutu wa a Shaba unachira. Sunachire. M'mawa uno andifunsa ngati ndine mlongo wawo. Koma ali pakhonde langa, akupuma mpweya wa Mulungu, ndipo ndikuwasambitsa ndi manja anga. Titabwerera kunyumba ndinapachika khasu lakutha pa mtengo wa pichesi. Akangochoka, ndimalimenya, ngwee, ngwee, mbwenu uyo akubwera kuchokera kuseri kwa munda. Anthu ena oyandikana nawo amaseka, ati NyaTembo watsegula sukulu. Asekeni, mano ndi awo. Tsiku limene wawo adzasowe adzabwera kudzabwereka khasu lomweli, ndipo ndidzawabwereka.

Yewo chomene Chiuta wanga, yewo. Yewo kwa mayi wa ku Ntcheu, amene ndimamutchula m'pemphero lililonse. Inu amene mukusamalira odwala mutu, odwala miyendo, okalamba amene sakukudziwaninso, musatope, musawatsekere m'nyumba ndi manyazi. Gwadani pomwe mwatopera pomwepo, ngakhale pa matope. Amene ali ndi magalimoto akhoza kukusiyani, amene ali ndi mafoni akhoza kungokujambulani, koma Mulungu wathu amadziwa kaitanidwe ka munthu wake aliyense. Ine ndalekeza apa, madzi a a Shaba afunda. Amen.